Munda wa Maluwa wa ku New York: Kufa Kwake ndi Kuuka Kwake

Mau Oyamba

Chaka chatha, pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa m'masukulu a kumidzi, ndinafika pa sukulu ina yakale ndithu. Podikira kuti belu lilire ndinayenda kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo ndinapunthwa pa njerwa yobisika m'udzu. Poyang'anitsitsa ndinaona kuti njerwazo zinali zambiri, zozikidwa chopendeka mumzere, ndipo mzerewo unali wozungulira bwino monga lichero. Mkulu wina wa m'komiti ya sukulu anandiuza kuti pamenepo panali munda wa maluwa umene mphunzitsi wina anaulima pamodzi ndi ana. Mphunzitsiyo atasamutsidwa, mbuzi zinalowa, udzu unakula, ndipo lero ndi owerengeka okha amene akumbukira chimene chinabzalidwapo. Ndinafunsa ngati zimenezi zinalembedwa m'buku la zochitika za pasukulu. Tinatsegula bukulo: munali masiku a mayeso, maina a oyendera sukulu, ndi tsiku limene mphepo inasasula denga, koma za munda munalibe ndi liu limodzi lomwe.

Zimenezi zinandikumbutsa mbiri ya munda wina wa kutsidya la nyanja, umene unafa imfa yonga yomweyi, koma pambuyo pake unaukanso. Mundawo dzina lake ndi Conservatory Garden, ndipo uli m'kati mwa paki yaikulu yotchedwa Central Park, mumzinda wa New York, m'dziko la United States of America. Wina angafunse kuti, "Nanga ife tiri nawo chiyani munda wa kutali chotero?" Yankho langa ndi ili: mbiri ya munda umenewu inalembedwa chaka ndi chaka, zithunzi zake zakale ziripo, ndipo maina a amene anaumanga ndi a amene anaudzutsa adziwika. Chotero tingathe kuona poyera chimene chinaupha ndi chimene chinauchiritsa, zinthu zimene pa sukulu ija sitinathe kuzipeza. Tikaitsata bwino mbiriyi tidzaona kuti kubzala munda ndi ntchito yapafupi. Chovuta ndicho kupeza munthu woupalira mawa ndi mkuja, oyamba aja atachoka.

Chiyambi cha Paki

M'zaka za m'ma 1850 mzinda wa New York unali kukula mofulumira, pakuti zombo zinali kutsitsa anthu zikwizikwi ochokera ku Ireland ndi ku Germany. Nyumba zinathithikana, ndipo osauka analibe malo opumulirako ataweruka ku ntchito. M'chaka cha 1853 nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York inalola kuti mzinda utenge malo aakulu pakati pa chisumbu cha Manhattan, akhale paki ya anthu onse. Tisabise kuti malowo sanali chipululu. Panali kukhala anthu pafupifupi 1,600, ndipo ena a iwo anali a m'mudzi wa Seneca Village, umene eni ake ambiri anali anthu akuda okhala ndi nyumba zawo, matchalitchi awo ndi sukulu yawo. Pofika kumapeto kwa 1857 onsewa anali atachotsedwa. Wophunzira mbiri ayenera kukumbukira zimenezi poyamikira ubwino wa pakiyo.

M'chaka cha 1858 amuna awiri, Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux, anapambana pa mpikisano wojambula pulani ya paki. Iwo anafuna kuti munthu wotopa ndi phokoso la mumzinda, akalowamo aziona ngati wafika kumudzi: madambo, nkhalango, matanthwe ndi nyanja zazing'ono. Paki yonse ikwana maekala 843. M'litali mwake ndi mamailosi awiri ndi theka, ndipo m'mimba mwake ndi theka la mailosi.

Chakumpoto kwa pakiyo, m'mbali mwa mseu waukulu wa Fifth Avenue, kunali nazale kumene anali kulerera mbande za mitengo ndi maluwa. M'zaka zotsiriza za m'ma 1890 anamangapo nyumba zazikulu za magalasi, zosungiramo zomera za m'maiko otentha. Kwathu kuno nthochi ndi migwalangwa zimera pabwalo; koma ku New York madzi aundana ngati mwala m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, kotero kuti zomera zotere zifuna nyumba yofunditsidwa usana ndi usiku. Nyumba yotere m'Chingerezi aitcha conservatory, ndipo ndi pamene panachokera dzina la munda wathu.

Nyumba za magalasizo zinakopa anthu ambiri, koma zinali kudya ndalama tsiku ndi tsiku: moto wozifunditsa, magalasi osweka, zitsulo zochita dzimbiri. M'zaka zoyamba za m'ma 1900 paki yonse inayamba kufooka chifukwa chosasamalidwa, ndipo kugwa kwa chuma kwa 1929 kunaonjezera mavuto. M'chaka cha 1934 meya watsopano, Fiorello La Guardia, anaika Robert Moses kukhala mkulu wa mapaki a mzinda. Moses ataona kuti kusunga nyumba zija kunali kodula, anazigwetsa. Apa ndi pamene tiyamba kuona chizolowezi chimene chidzaonekanso kutsogoloku: ndalama zomangira chinthu chatsopano zipezeka, koma ndalama zochisungira zisowa.

Munda wa 1937

Pa malo a nyumba zija anakonzapo munda wapabwalo. Ojambula ake anali Gilmore D. Clarke ndi Thomas D. Price, ndipo amene anakonza dongosolo la zobzala anali mayi M. Betty Sprout. Antchito analipidwa ndi boma lalikulu la dzikolo kudzera m'bungwe la Works Progress Administration, limene Pulezidenti Franklin D. Roosevelt analikhazikitsa mu 1935 kuti anthu osowa ntchito apeze chochita. Mundawo unatsegulidwa m'chaka cha 1937. Kukula kwake ndi maekala 6, ndiko kunena kuti mabwalo a mpira atatu ndi kupitirirako pang'ono. M'malo ambiri m'pakimo mitengo imera momasuka ngati kuthengo; koma muno zonse ziri m'mizere yoyesedwa ndi chingwe.

Mlendo alowera pa chipata chachikulu chachitsulo, moyang'anana ndi mseu wa nambala 105. Chipatachi chinasulidwa ku Paris m'chaka cha 1894, ndipo poyamba chinali pa nyumba ya munthu wolemera kwambiri, Cornelius Vanderbilt II. Nyumbayo itagwetsedwa, mwana wake wamkazi, Gertrude Vanderbilt Whitney, anachipereka kwa mzinda, ndipo chinaimikidwa pano mu 1939. Chipata chimene kale chinali kutsekera anthu wamba kunja, tsopano chinayamba kuwatsegulira.

Mundawo uli ndi zigawo zitatu. Chigawo chapakati chitsata kalimidwe ka ku Italy: bwalo lalitali la kapinga, lozingidwa ndi mipanda ya zitsamba zometa bwino, kumapeto kwake kuli kasupe wopangidwa, woponya madzi m'mwamba, ndipo kuseri kwa kasupeyo kuli chisakasa chachitsulo chokhota ngati uta, chimene ayangapo mtengo wa wisteria wa maluwa olendewera. Mbali zonse ziwiri kuli mizere ya mitengo ya crabapple, imene ibala timaapozi towawasa, koma ichita maluwa ambiri chisanu chikatha.

Chigawo cha kumpoto chitsata kalimidwe ka ku France. Pakati pake pali ziboliboli zamkuwa za atsikana atatu ogwirana manja, ovina mozungulira madzi. Anazipanga ndi mmisiri wa ku Germany, Walter Schott, ndipo ana a Samuel Untermyer anazipereka ku paki mu 1947.

Chigawo cha kumwera chitsata kalimidwe ka ku England, ndipo ndicho chiyenera kukondweretsa aphunzitsi koposa. M'menemo muli dziwe laling'ono, ndi ziboliboli za mnyamata woimba chitoliro ndi mtsikana wonyamula mbale yomweramo mbalame. Anaziumba ndi mayi Bessie Potter Vonnoh, pokumbukira Frances Hodgson Burnett, wolemba mabuku a ana, amene anamwalira mu 1924. Abwenzi ake anafuna kuti pakhale malo ofotokozerapo ana nthano. Buku lake lotchuka, The Secret Garden, la 1911, lisimba za ana amene anapeza munda wotsekedwa kwa zaka khumi, naupalira kufikira unaphukanso. Oimika ziboliboli zija sanadziwe kuti patapita zaka makumi anayi munda wawo womwewo udzasanduka wonga wa m'nthanoyo.

Kugwa kwa Munda

Moses anasiya ntchito ya mapaki mu 1960. M'zaka zotsatira paki inasanduka bwalo la misonkhano ikuluikulu, zoimbaimba ndi zionetsero, ndipo makamu a anthu anapondereza kapinga kufikira panatsala fumbi lokha. Nthawi yomweyo mafakitale ndi mabanja ambiri opeza bwino anali kusamukira kunja kwa mzinda. Ndalama za msonkho zinachepa, ndipo akuluakulu a mzinda anayamba kukhalira ngongole. M'chaka cha 1975 mabanki anakana kuwakongozanso, ndipo mzinda unatsala pang'ono kugwa. Antchito zikwi zambiri anachotsedwa, ndipo nthambi ya mapaki inali imodzi ya zimene zinapwetekedwa kwambiri. Pakuti pogawa ndalama zochepa, aliyense aganiza kuti maluwa angathe kudikira.

Tsono tiyeni tione bwino kafedwe ka munda, chifukwa ambiri alakwa pamenepa. Iwo ati anaupha ndi anyamata oononga. Koma oononga sanali oyamba kufika. Choyamba chinali kuchoka kwa wolima. Wolima atachoka, mipanda ya zitsamba inaleka kumetedwa, nikula kufikira inabisa za m'kati kwa odutsa pamseu. Akasupe anauma, ndipo panalibe wokonza. Zinyalala ndi mabotolo osweka zinaunjikana, ndipo penti wa zolembalemba anadzaza pa makoma ndi pa makwerero. Pamenepo amayi a ana ndi okalamba analeka kubwera, pakuti anachita mantha; ndipo malo amene anthu abwino awathawa, a zolinga zoipa awalowa. Kuononga kunadza potsiriza, monga fisi adza pa khola limene mbusa walisiya.

Panalinso chinthu china. Mundawu uli m'malire a dera la East Harlem, kumene ambiri okhalako anali osauka, makamaka anthu ochokera ku Puerto Rico ndi anthu akuda. Olemera a m'mbali mwa Fifth Avenue anali kukhala chakumwera, ndipo ambiri a iwo sanali kupitirira mseu wa nambala 96. Chotero amene anali ndi mau kwa akuluakulu sanali kuuona mundawo, ndipo amene anali kuuona tsiku ndi tsiku analibe wowamvera. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, malowa anali kuwerengedwa pakati pa malo oopsa a m'paki.

Kuuka Kwake

M'chaka cha 1979, pa nthawi ya meya Edward Koch, mkulu wa mapaki Gordon Davis anaika mayi Elizabeth Barlow, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Elizabeth Barlow Rogers, kukhala woyang'anira Central Park yonse. Udindo umenewu unali watsopano. Kufikira pamenepo panalibe munthu mmodzi amene akanafunsidwa za paki yonse. Nkoyenera kudziwa kuti mayiyu anali wolemba mbiri: mu 1972 anatulutsa buku lonena za ntchito za Olmsted mumzindawo. Iye anadziwa chimene pakiyo inali poyamba, ndipo chifukwa cha ichi anatha kuona chimene inayenera kukhalanso. Mu 1980 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Central Park Conservancy, la nzika wamba, kuti lizisonkha ndalama ndi kugwira ntchito pamodzi ndi boma la mzinda. Asanathamangire kumanga, anayamba afufuza: mbiri ya paki, nthaka yake, mayendedwe a madzi, mitengo imene inalipo, ndi mmene anthu anali kuigwiritsira ntchito.

Mu 1982 Rogers anapempha bwenzi lake, mayi Lynden B. Miller, kuti adzutse Conservatory Garden. Miller anali wojambula zithunzi ndi utoto, amene anaphunzirakonso za zomera, ndipo anali ndi munda wakewake kunja kwa mzinda. Koma anali asanakonzepo munda wa anthu onse. Ndalama panalibe, kotero anayenera kuzifuna yekha kwa anthu akufuna kwabwino ndi kwa mabungwe. Ambiri anakayika. Maganizo awo anali akuti kubzala maluwa abwino pamalo otero ndi kutaya ndalama, pakuti adzazulidwa ndi kupondedwa.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzizindikira pa kagwiridwe kake ka ntchito. Choyamba, sanagumule zakale kuti ayambe zakezake. Pansi pa zinyalala, njira zamiyala ndi mizere ya mabedi zinali zikalipo. Mitengo ya crabapple ndi wisteria inali ikali moyo, ngakhale inali itakula mwachisawawa. Iye anasunga maonekedwe a 1937, nadulira zimene zinakula mopitirira. Chachiwiri, anayambira pa chigawo chimodzi, cha kumwera chija cha ana, mu 1983, kuti anthu aone ndi maso awo chimene chingatheke, ndipo ataona apereke za zigawo zinazo. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachitatu, anasakaniza zitsamba ndi maluwa osafa chaka ndi chaka, osankhidwa kuti pa nyengo iriyonse pakhale chokondweretsa maso, ngakhale m'chisanu masamba atayoyoka. Munda wokongola mwezi umodzi wokha ukhala wopanda anthu miyezi khumi ndi umodzi. Ndipo taona kale chimene chichitika pa malo opanda anthu.

Anthu odzipereka anabwera kudzapalira ndi kudzabzala popanda malipiro. Akasupe anayambanso kutulutsa madzi, makoma anatsukidwa, ndipo mu 1987 ntchito yaikulu inatha. Zimene okayika aja anaopa sizinachitike monga ananenera. Anthu a ku East Harlem anabwerera ndi ana awo; a kumwera nawonso anayamba kupitirira mseu wa 96; ndipo akwati anayamba kudzajambulitsa zithunzi za ukwati pa makwerero amene kale anali odzaza magalasi osweka. M'chigawo cha kumpoto, maluwa a tulip zikwi zambiri, amene amera pa mababu onga anyezi, anayamba kuphuka chisanu chikatha, ndipo m'mwezi wa Okutobala malo omwewo anali kudzala ndi maluwa a chrysanthemum. Chiphunzitso cha Miller, chimene anachibwereza pokonzanso minda ina ya mumzindawo monga ya ku Bryant Park, chinali chakuti anthu alemekeza malo amene aona kuti wina ali kuwasamala, ndipo amva kuti iwonso alemekezedwa.

Ndalama za Khasu

Mbiri ikadathera pa chikondwerero cha 1987, sikadasiyana ndi ya nyumba za magalasi kapena ya munda wa 1937: kumanga, kukondwera, kenaka kuiwala. Chimene chinasiyanitsa ulendo uno ndi ichi. M'chaka chomwecho banja lina linapereka madola 1,500,000, osati omangira chinthu chatsopano ayi, koma oti asungidwe m'thumba losatha, ndipo phindu lake lokha ndilo lizilipira olima munda chaka ndi chaka. Ziri monga munthu wopatsidwa ng'ombe yaikazi, amene saipha kuti adye nyama tsiku limodzi, koma aiweta kuti azikama mkaka. Chotero mundawo unakhala ndi woyang'anira wakewake ndi olima ake, amene ntchito yawo sidalira pa kukoma mtima kwa meya watsopano aliyense.

Nzeru yomweyi inafalikira ku paki yonse. Mu 1996 paki inagawidwa m'zigawo 49, ndipo chigawo chirichonse chinapatsidwa wolima wake, wodziwika ndi dzina, wothandizana ndi anthu odzipereka. Benchi likathyoka kapena zinyalala zikaunjikana, adziwika woti afunsidwe. Mu 1998 boma la mzinda linasainirana pangano ndi bungwe lija kuti ndilo liziyendetsa paki tsiku ndi tsiku, koma mwini wake akhalabe mzinda, ndipo kulowamo nkwaulere. Zipata za Conservatory Garden zitsekedwa usiku, ndipo masewera a mpira ndi njinga saloledwamo. M'zaka za m'ma 2020 bungweli linakonzanso njira zoyendamo ndi ngalande za madzi, ndi kukonza polowera kuti oyenda pa njinga za olumala afike mosavuta. Ulendo uno sanadikire kuti munda ufe kaye.

Mafunso Awiri

Wophunzira mbiri sayenera kungoyamika, ayenera kufunsanso. Funso loyamba ndi ili: kodi munda umene Miller anausiya ndi womwe uja wa 1937? Mizere, njira ndi ziboliboli ndi zomwezo, koma maluwa ambiri ndi ena. Ena angati kumeneku si kubwezera koma kusintha. Ine ndiganiza kuti munda sufanana ndi mphika wakale umene tiuika m'nyumba yosungiramo zakale osaukhudza. Munda ndi wamoyo: mitengo ikula, mthunzi ufika pamene kale panali dzuwa, ndipo zomera zina zifa. Wodzutsa munda ayenera kudziwa mbiri yake kuti asiyanitse chimene chiri maziko, chosayenera kusunthidwa, ndi chimene chiri chovala, choti chingasinthidwe. Wosadziwa mbiri angagumule maziko poyesa kuti ali kukonza.

Funso lachiwiri ndi lolemera koposa. Central Park inapeza opereka chifukwa yazingidwa ndi nyumba za anthu achuma. Nanga mapaki aang'ono a m'madera a osauka, opanda mnansi wolemera, awasamala ndani? Anthu ambiri a ku New York adandaula kuti njira imeneyi ipatsa boma mpata wothawa udindo wake, ndipo isiyanitsa mapaki monga asiyanira anthu. Dandaulo ili nloona, ndipo sitiyenera kulinyoza. Koma tizindikire kuti mbali ya nzeruyi imene iri yofunika koposa sifuna munthu wachuma. Kupatsa malo aliwonse mwini wodziwika ndi dzina, kuyambira pang'ono, ndi kuganizira za chaka chamawa musanabzale, zimenezi angathe kuzichita ndi mudzi uliwonse.

Kwa Inu Aphunzitsi a Mawa

Dziko lathu nalonso liri ndi minda ya mbiri. Munda wa zomera wa ku Zomba, umene mtsinje wa Mulunguzi upyola m'kati mwake, unayambidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, munthu yemwe uja amene dzina lake liri pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Ndipo kuyambira 1987 pali bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo loyang'anira minda yotere. Amene mudzaphunzitsa pafupi, mukapite nawo ana. Koma ambiri a inu mudzatumizidwa kutali, ndipo munda wa mbiri umene mudzaupeza udzakhala wonga uja ndinapunthwapo: mzere wa njerwa m'udzu, mitengo ya mango yobzalidwa ndi ana amene tsopano ali ndi zidzukulu, kapena mpanda wa nkhadze wozinga malo amene palibe akumbukira ntchito yake.

Mukafika pa sukulu yotero, musafulumire kukumba mabedi atsopano kuti dzina lanu limveke. Yambani mwafunsa. Itanani okalamba a m'mudzi amene anaphunzira pamenepo, ayende ndi ana a kalasi lanu, awalozere pamene panali chakuti ndi amene anachibzala. Ana ayese malowo ndi chingwe, ajambule mapu, alembe m'Chichewa zimene amva, pamodzi ndi maina a mitengo monga aitchulira eni dera. M'ntchito imodzi yomweyi mwaphunzitsa mbiri, masamu, chilankhulo ndi ulimi. Ndipo ana aphunzira kuti mbiri siiri m'mabuku a maiko akutali mokha, koma iri pansi pa mapazi awo.

Pambuyo pake sankhani bedi limodzi lokha, limene mungathe kulithirira m'mwezi wa Okutobala pamene chitsime chatsika. Walira mvula walira matope: wofuna maluwa avomere ndowa ndi khasu. Gawani malo kwa makalasi, ndipo dzina la kalasi lilembedwe pa thabwa, kuti adziwike woti afunsidwe. Musaiwale miyezi ya tchuthi, pakuti minda yambiri ya sukulu ifa ana atatsekera. Panganani ndi komiti ndi mafumu za mbuzi ndi za wothirira sukulu isanatseke. Inu mulibe thumba la madola. Thumba lanu losatha ndilo makolo, amene adzakhalapobe inu mutasamutsidwa. Munda umene uli wa mphunzitsi yekha usamuka naye pamodzi ndi katundu wake.

Chotsiriza, lembani. M'buku la zochitika za pasukulu lembani tsiku, chimene mwabzala, pamene mwabzala, kumene munatenga mbewu, ndi amene avomera kusamala. Rogers anatha kudzutsa paki chifukwa ena asanabadwe iye analemba ndi kujambula. Mphunzitsi amene adzalowa m'malo mwanu sadzakuonani, adzangopeza bukulo.

Pochoka pa sukulu ija ndinasiya mau kwa wophunzira wathu amene anali kuyesera ntchito pamenepo. Sabata lotsatira iye ndi ana a Sitandade 6 anasenga udzu, nafukula njerwa zonse kufikira mzere wozungulira unaonekanso wathunthu. Mkulu uja wa komiti anabwera ndi mlongo wake, amene anakumbukira kuti pakati penipeni panali chitsamba cha maluwa ofiira, ndipo anati mbewu yake ikalipo kuseri kwa nyumba yake, pakuti anathyolako nthambi ali mtsikana. Anadula nthambi zitatu, nazibzala pamalo pake pakale. Wophunzira wathuyo nthawi yake inatha, ndipo anabwerera kuno ku koleji. Koma asanachoke analemba zonse m'buku, pamodzi ndi maina a makalasi awiri amene anavomera kuthirira.